Uthenga Unapita pa Foni ya Achemwali

Linali Lachinayi loyamba la Novembala, ndipo ndinali pa benchi kunja kwa kachipinda ka alangizi, pachipatala china ku Chileka. Ndinali ndidakali mu yunifomu. Chitseko chinali chokhoma.

Anandipezera alangiziwo ndi amadamu a kalasi lathu, ataona kuti ndasiya kuyankhula ndipo ndikumawodzera m'kalasi. Anali mayi wofatsa, wosafulumizitsa munthu. Ndinkapita Lachinayi lililonse kuchokera ku Lirangwe, kumene ndinkakhala ndi achemwali anga ndi amuna awo. Kunyumba ndinkanena kuti ndili ku kwaya ya kusukulu.

Tsiku lina ndinajomba, chifukwa cha mantha basi. Sabata yotsatira alangizi sanandikalipire. Anangoti, "Mwanawe, ukalephera uzindiuza. Nanenso ndikalephera ndizikuuza. Ndipatse nambala." Ine foni ndinalibe. Ndinapereka ya achemwali, poganiza kuti munthu ngati ameneyu sangalephere. Sindinaganizire kuti masana foniyo imayenda ndi alamu pa njinga yawo ya kabaza, kuti makasitomala aziwaimbira.

Alamu ankanditchula kuti akazi anga aang'ono. Kwathu zimenezi ndi nthabwala za pachilamu, aliyense amaseka, ngakhale achemwali. Koma achemwali akachokapo, alamu ankabwera kudzaima pakhomo la chipinda changa, osaseka. Nkhani imeneyi ndi imene ndinakonzeka kuinena tsiku limenelo. Njira yonse mu minibasi ndinkaiyeseza chamumtima.

Mayi wina wokolopa anaima ndi ndowa yake.

"Iwe, ukudikira ndani? Alangizi athamangira kumaliro ku Mdeka, amalume awo amwalira m'mawa uno. Sunalandire uthenga? Aliyense amutumizira."

"Pa foni?" ndinafunsa.

"Nanga pa wailesi?" Anaseka n'kupitiriza kukolopa, nandiuza kuti ndikweze mapazi.

Ndinakhalabe pa benchipo kanthawi. Ndege inadutsa chapansipansi, malata n'kunjenjemera. Sindinawakwiyire alangizi. Maliro sadikira munthu, ndipo iwo anachita zimene tinagwirizana.

Nditatsika minibasi ku Lirangwe, kumwamba kunali kutada, koma kunali phee, popanda ndi kamphepo komwe. Alamu anali pasiteji ndi anzawo a kabaza, atakhala pa njinga.

"Eee, akwaya afika!" anakuwa. "Lero mwaimba nyimbo yanji, akazi anga?"

Anzawo anaseka. Wina anati, "Aimbireniko amuna anuwa!"

"Kwerani," anatero alamu.

"Ndiyenda pansi, alamu, zikomo."

"Kwerani. Mvula ikubwera."

Pamaso pa anthu sindikanakana kawiri. Ndinakwera, n'kuika chikwama pakati pa ine ndi msana wawo. Titapatuka pamsewu wa tara, anachepetsa liwiro.

"Amayi anu a ku Chileka akuti pepani, apita kumaliro. Akuti mubwere Lachinayi likudzali. Ndawayankha kuti zikomo." Sanatembenuke. "Mumakamba zotani kumeneko?"

"Zakusukulu."

"Zakusukulu," anabwereza pang'onopang'ono. "Chabwino. Lachinayi ndikakuperekezani ndekha, ndikawaoneko amayiwo."

Kunyumba tinapeza achemwali akumanga mbewu ya chimanga m'chitenje. Anali osangalala. Anati mvula ikagwa, mawa alawirira kumudzi kukathandiza amayi kubzala, ndipo akagona konko. "Uwaphikire alamu ako bwinobwino," anatero. Alamu anaika foni pa tebulo, n'kundiyang'ana.

Madontho oyamba anayamba kugunda malata.

Ndisanayambe kutsuka mbale ndinalowa kuchipinda. Ndinapinda diresi limodzi ndi chitenje, n'kuziika pansi pa makope m'chikwama. Ndinatsimikiza kuti sindidikira Lachinayi. Mawa ndilawirira kusukulu, ndikaima pakhomo la amadamu belu lisanalire, ndikawauza zonse, ndipo ndikawapempha kuti ndikagone kwawo.