A Misomali ndi Lamulo Langa

Dzina lawo lenileni ambirife sitinkalidziwa. Tinkangoti a Misomali, chifukwa ukawapeza pantchito ankakhala ataluma misomali itatu kapena inayi, ndipo moni wako ankauyankha ndi mutu. Anali kalipentala wa kuseri kwa msika, bambo wamfupi wa ovolosi yotuwa ndi pensulo kukhutu. Ine ndinawadziwira m'gulu la makolo la pasukulu ya ana athu, chaka chimene mapasa anga anayamba kalasi yoyamba.

Gulu limene lija ndimalisowa mpaka lero. Loweruka lililonse m'mawa tinkakumana pasukulupo, aliyense ndi chida chake m'manja. Azimayi ena ankathirira maluwa ndi kudulira mpanda, ena ankakolopa m'makalasi, ndipo bambo wina woyendetsa lole ankabwera ndi burashi kudzapaka penti mabolodi. Ntchito inkayendera miseche, sindibisa. Koma kumeneko n'kumenenso unkamva za ganyu, za nyumba ya lendi imene yatsala pang'ono kutuluka munthu, za mnzathu amene wagonekedwa kuchipatala kuti tikamuzonde. Anthu amene kale tinkangopatukirana pamsewu tinayamba kubwerekana mchere.

A Misomali ankayenda okha kalasi ndi kalasi. Desiki iliyonse ankaigwedeza, kenako n'kukhalapo, munthu wamkulu mawondo atafika pachibwano, kuti amve ngati ikupendama. Akatero ankayendetsa chikhatho kunsi kwa thabwa kusaka msomali wotuluka. Tsiku lina ndinawapeza ali chikhalire choncho ndipo ndinawaseka.

"Bambo, kodi mukufuna kubwereza kalasi yachiwiri?"

Analavulira misomali m'dzanja. "Amake mapasa, mwana sanena kuti desiki ikumubaya. Amangong'ambitsa yunifolomu, kenako n'kukakwapulidwa kunyumba."

Kuyambira tsiku limenelo anga akabwera ndi kabudula wong'ambika ndinkayamba ndafunsa ndisanakalipe.

Komatu m'gululo munalinso bambo wina amene tinkamutcha Pulofesa. Ana ake anali atamaliza kalekale, koma pamsonkhano uliwonse ankaimirira kanayi, pomwe tsache kapena chikwanje sanagwirepo. Ankatsutsa mtundu wa penti, ankatsutsa maluwa, ankatsutsa ngakhale tsiku lokumana. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo nthawi imeneyo wapampando ndinali ineyo. Ndinaganiza zomuchotsa mochenjera. Pamsonkhano wotsegulira chaka ndinabweretsa lamulo lakuti m'gulu muzikhala okhawo amene ali ndi mwana pasukulupo. Aliyense anadziwa amene ndikumulasa. Manja anakwera m'mwamba, ndipo ndinaona ndi maso angawa dzanja la a Misomali litakwera nawo.

Safunsa anadya phula. Sindinafunsepo kuti mwana wa a Misomali ali kalasi iti. Chitsirizira wawo, mtsikana, anali atachoka pasukulupo zaka zinayi m'mbuyomo, ndipo iwo anangopitiriza kubwera osauza munthu. Msonkhano utatha anandidikirira pakhomo n'kundipatsa kiyi wa kachipinda kosungiramo madesiki othyoka.

"Ameneyu mupatse amene alowe m'malo mwanga, mayi."

"Aa, inuyo lamuloli silikukukhudzani."

"Likundikhudza. Mukandisiya ine, anzathu aja adzati mumafuna iwo basi."

"Nanga dzanja munakwezeranji?"

"Inu ndinu apampando athu. Ndikanakuchititsani manyazi pagulu?"

Ndikanatha kuitanitsa msonkhano wina sabata yomweyo n'kuvomera kuti ndalakwitsa. Koma kubweza mawu, Pulofesa n'kumva, kunandilemera. Ndinati ndidikire mwezi umodzi. Mwezi utatha ndinati teremu ithe kaye, anthu aiwale. Pakati pamenepo madesiki othyoka anadzaza kachipinda kaja mpaka kudenga. Ana anayamba kukhala anayianayi pa desiki imodzi, ena pansi penipeni. Akalipentala ena tinkawapempha, koma ankabwera kamodzi osaonekanso, ndipo sindikuwadzudzula, Loweruka ndi tsiku la makasitomala. Ineyo ndikapita kumsika ndinkazungulira kwa ogulitsa makala kuti ndisadutse pashedi ya a Misomali. Ndikakumbukira kuzungulira kumene kuja ndimachita manyazi mpaka lero.

Chaka chitatha ndinaimirira pamsonkhano n'kunena kuti lamulo langa linali lopusa. Analifafaniza popanda wotsutsa, ena akuseka chamumtima. Mawa lake ndinavala bwino n'kupita kushedi kuja, mawu opepesa nditawakonza kale m'mutu. Ndinapeza chitseko chili chokhoma, utuchi wapakhomo utauma n'kuda. Wowotcherera woyandikana nawo anandiuza kuti patha miyezi iwiri asakubwera, n'kundilozera njira ya kunyumba kwawo.

Ndinawapeza pakhonde, atakhala pampando wokhoma okha, bulangeti lili m'miyendo. Dzanja lamanja linali litangogona pabondo ngati si lawo. Matenda opha ziwalo anawagwetsa m'mawa wina akupala thabwa. Akazi awo anandilandira bwino, anandipatsa mpando, kenako ananditengera pambali ngati akukandionetsa maluwa.

"Miyezi yoyamba ija atangochoka m'gulu lanu, Loweruka likakwana ankavala ovolosi n'kukhala pomwepa, bokosi la zida lili pambali. Ankati mwina atuma munthu. Dzuwa likafika pamutu ankavula."

Ndinabwerera pakhonde, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, n'kuwauza kuti lamulo lija lachotsedwa, malo awo m'gulu alipo, ndipo wolakwa ndinali ine. Anamwetulira mbali imodzi ya nkhope. Anavutika nthawi ndithu kusonkhanitsa mawu, ndipo atatuluka anali a nkhani ina.

"M'kalasi yachitatu, pakona, pafupi ndi windo. Ndinasiya desiki mwendo umodzi ndisanakhome. Munaimaliza?"

"Tinaimaliza, bambo."

Anatsinzina n'kutsamira, mtima uli m'malo. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa desiki imeneyo ndinali nditalamula ndekha kuti aiwaze nkhuni, miyezi isanu m'mbuyomo.