Nsalu ya apongozi anga

Chaka chimene atropa, asilikali a Chipwitikizi aja, anatisonkhanitsa mu alideyamento ya ku Chipera, mudzi wa mawaya uja, ndinali mkamwini watsopano. Ndinkadzimva kwabasi. Ndinali nditadziphunzitsa kuwerenga pa kabuku ka katekisimu, ndiye ndinkawerengera mkazi wanga chilichonse mokweza, ngakhale zolembedwa pa zitini zotayidwa. Iye ankaseka mpaka kugwira nthiti.

“Aphunzitsi, kodi nkhokwe ya amayi idzimanga yokha?”

Ndinayamba kusenza mitengo ya nkhokweyo mpaka mapewa anasupuka. Apongoziwo sindinkawayang'ana kumaso. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'udzu, iwonso n'kutembenuka. Unali ulemu wathu.

Tsiku lina masana atropa anaimitsa amuna tonse pachipata, natilamula kuvula malaya. Ankafuna zipsera za pamapewa, ati ndiwo umboni woti munthu amasenzera katundu ankhondo a kutchire. Sipayi amene ankawamasulira, wapolisi wawo, munthu wakuda ngati ine, anandiloza.

“Iwe, izi n'chiyani?”

“Ndi nkhokwe, bwana. Ya apongozi.”

“Apongozi ako ali ndi mfuti zingati?”

Atropawo anandivula ndi kabudula yemwe, nandikwapula pamaso pa akazi ochokera kumadzi. Atatopa anandisiya pafumbi. Amuna anzanga ankangoyang'ana pansi, ndipo sindiwadzudzula. Amene anabwera ndi apongozi. Anatula mtsuko, namasula nsalu yawo yapamwamba, nandifunditsa, nandigwira mkono.

“Dzukani, bambo. Tiyeni kunyumba.”

Aka kanali koyamba kundilankhula maso ndi maso. Ndikanayenera kuthokoza. Koma ine, wophunzira uja, ndinawada. Mtropa sindikanatha kumuda poyera. Nkhalamba yopanda mfuti ndiyo ndinaikwanitsa. Ndinasiya kudya chophika iwo. Kuseka m'nyumba kunatha.

“Abambo, amayi alakwanji?” anafunsa mkazi wanga.

“Anandiona.”

“Mudzi wonse unakuonani. Anakufunditsani ndi iwo okha.”

Ndinamumenya mbama. Ndinali ndisanamumenyepo. Sanalire, anangondiyang'ana, ndipo maso amenewo anandiwawa kuposa chikoti. Mvula isanagwe ndinazemba pochokera kumunda, n'kuthawira ku Zambia ndekha, osatsanzika.

Nkhondo itatha ndinabwerera, mawu opepesa nditawaloweza njira yonse. Ndinapeza apongozi anamwalira kale, mkazi wanga ali pa banja lina, mwana kumsana. Ananditungira madzi akumwa, nagwada bwinobwino pondipatsa.

“Mwayenda bwanji, alendo?”

Ndinati ndayenda bwino.