Mafoni akufa a pa msika wa Chongwe

Ntchitoyi anandipezera ndi mlamu wanga. Anamva kuti Ba Tembo, amene amagula mafoni ndi machaja akufa n'kukagulitsa kwa ophwasula ku Lusaka, akufuna munthu wozungulira pa msika kutolera zinthuzi. Ine ndine wamanyazi ndipo sukulu sindinapite nayo patali, koma mwana wanga Chisomo ankafunika phala.

Ba Tembo anandipatsa saka, magolovesi, kasikuludiraiva ndi chidebe cha mchenga. "Batire yotupa uziika mu mchenga," anatero. "Ukaiboola izayaka, na mwana ali ku msana."

Choncho ndinkaopa mabatire. Za anthu sindinaganizeko.

Achinyamata ambiri ankandikana. Ena ankati m'foni muli zithunzi zawo. Ena ankanong'ona kuti foni imasunga thukuta ndi mawu a mwiniwake, ndiye woitenga angathe kumuchitira mankhwala.

Tsiku lina mtsikana wogulitsa tomato anandipatsa foni yakufa ya mchimwene wake, kondakitala wa minibasi, mwiniwake osadziwa. Masana mnyamatayo ananditsekera njira pafupi ndi siteshoni.

"Iwe mayi, foni yanga uipeleka kuti? Ndimwe ba Satana imwe, mutenga vinthu va banthu!"

Anthu anandizungulira. Ndinaona wina akutola chidutswa cha njerwa. Chisomo anayamba kulira. Ndinkangoganiza kuti njerwa ikabwera cha kumbuyo, iyambira pa mutu wa mwana.

Ndinagwada n'kukhuthula saka yonse pansi. Foniyo nditaipeza, ndinaitsegula kasikuludiraiva kakuterereka. Ndinachotsa batire, ndinasolola simu ndi kamemori kadi, n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Vanu vonse vili umu, ba kondakitala," ndinanong'ona. "Chatsala ni chigoba chabe."

Anaika kakadiko m'foni ya mnzake. Panatuluka chithunzi cha mayi wachikulire atavala chitenje cha mpingo. Mnyamata uja anachiyang'anitsitsa. Mlongo wake wa tomato uja, amene anali m'gulumo, anagwira pakamwa, n'kunena kuti amenewo ndi malemu amayi awo, ndipo ankaganiza kuti zithunzizo zinafera limodzi ndi foni. Njerwa ija ndinaimva ikugwa pansi.

Kondakitala anakankhira chigobacho kwa ine ndi phazi. "Tenga. Ba mayi nabatenga."

Mpaka lero, kondakitala akakuwa pafupi nane, ndimaphimba mutu wa Chisomo ndi dzanja. Koma foni siilowanso m'saka yanga ndisanaitsegule mwiniwake akuona, n'kumubwezera anthu ake m'manja.