Malimu a njinga ya bambo

Njinga yamoto ya bambo anga inakhala m'chigafa zaka zinayi. Anaiimika m'mawa wa tsiku lomwe anagwa kumunda n'kufa mkono ndi mwendo wakumanzere, ndipo palibe anaikhudzanso. Ife tinkangounjika matumba a feteleza pambali pake chaka ndi chaka, osadziwa kuti feteleza amadya chitsulo.

Chilimwe china, titamaliza kugulitsa fodya, bambo anandiitana pakhonde.

"Mwanawe, tulutsa njinga ija. Ndikufuna ndikamuone mlongo wanga ku Njombwa."

Azakhali angawo anali atadwalika, ndipo awiriwa anali asanaonane chiyambire matenda a bambo. Ndinawapempha kuti tipeze galimoto, koma anakana.

"Ndikafike kwa mlongo wanga atandinyamula ngati belo la fodya? Ndikafika pa njinga yanga. Iwe uyendetsa."

Injini sinavute. Nditathira oyilo ndi petulo watsopano inalira. Vuto linali malimu. Nditachotsa matayala ndinapeza dzimbiri litakutirira mkati monse, likusendeka ngati makungwa. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango masiku atatu, ndikupala ndi bulashi yawaya, kunyowetsa ndi parafini, n'kukhula ndi sandipepa mpaka zala zinatuluka matuza. Bambo ankayang'anira ali pampando wawo.

"Osathamanga. Pita m'mbali mwa masipokomo."

Limu lakutsogolo linayera bwino. Lakumbuyo, dzimbiri litachoka, linaonetsa timabowo tiwiri, dzuwa n'kumadutsa. Ndinalimangirira pa njinga yakapalasa n'kupita nalo ku Santhe. Wowotcherera zitsulo wa kumeneko analigogoda ndi sipanala n'kupukusa mutu.

"Achimwene, ili latha. Ndikhoza kumata, koma musakwezepo munthu wodwala. Dikirani ndikupezereni lina Loweruka."

Ndinadikira. Limu linabweradi Loweruka, lakale koma lolimba. Ndinalipala, kulipaka penti, mmisiri uja n'kulumikiza masipoko. Bambo anati tinyamuke Lachiwiri, penti itauma bwino. Amayi anachapa jekete la bambo lopitira kutchalitchi.

Lolemba masana ndikupopa tayala lakumbuyo, foni yanga inalira. Anali msuweni wanga, mwana wa azakhali aja. Sanachite kunena zambiri, kulira kwa amayi ambiri kunkamveka kumbuyo kwake.

Ndinakagwada pafupi ndi mpando wa bambo. Iwo anayang'ana manja anga odzaza penti, kenako njinga.

"Wapita?"

"Eya, bambo."

Kenako anati, "Maliza kupopa."

Tinanyamuka tsiku lomwelo. Amayi anawamangirira bambo m'chiuno mwanga ndi chitenje kuti asagwe. Ndinkayendetsa pang'onopang'ono m'njira yafumbi, pakati pa minda yotsala ziputu za fodya zokhazokha. Njinga inkayenda mosalala, osagwedezeka ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinkandipweteka kwambiri.

Titatsala pang'ono kufika ndinamva msana wa malaya anga utanyowa. Bambo anali atatsamiritsa nkhope pa ine.

"Ukanandikakamiza, mwanawe," anatero. "Ukanangobweretsa galimotoyo."

Tinamva nyimbo za amayi a mvano tisanaone nyumba. Anthu anabwera kudzamasula chitenje, ndipo amuna awiri anawagwira bambo m'khwapa n'kukalowa nawo m'nyumba ya siwa. Ine ndinatsala panja, nditagwira mahandulo, osadziwa poiimika njingayo.