Mwana wa Achemwali Kumsana Kwanga

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, pamene achemwali anga a Alesi anabereka mwana wawo woyamba. Tinkakhala ku Kadewere, ndipo nyumba yawo inali kuseri kwa ya amayi. Amuna awo, alamu anga, ankagwira maganyu a zomangamanga ku Limbe, kumudzi ankangobwera mwa apo ndi apo.

Achemwali anali munthu waphokoso, woti akamachokera kumjigo unkawamva asanafike. Koma atabwerako kuchipatala ndi khandalo anasanduka munthu wina. Ankangokhala pamphasa pakhonde, maso ali pakhoma la khitchini. Mwana akalira ankamuyamwitsa atayang'ana kumbali, misozi ikugwera pachitenje. Kusamba ankachita kuwakumbutsa. Phala linkazizira m'mbale mpaka nkhuku kulipeza.

Amayi anati ndi ulesi. "Ife tinkabereka lero, mawa khasu lili paphewa," ankatero akusesa pabwalo, mokweza dala. Azakhali anati alipo wawachita chipongwe, ndipo anabweretsa mizu yoti azisamba. Amayi a kutchalitchi anabwera ndi sopo ndi ufa, napemphera, kenako mmodzi anati, "Thokozani, mayi, anzanu akulira m'nyumba zopanda mwana." Achemwali anangogwedeza mutu.

Ntchito yonse inagwera ine. Kuchapa matewera, ine. Kutonthoza mwana, ine. Ndinayamba kujomba kusukulu, ndipo ndikapitako aphunzitsi ankandikwapula chifukwa chojombacho. Anzanga ankandiseka kuti yunifolomu yanga ikununkha mkodzo wa khanda. Ndinkachapa matewerawo mano nditaluma, osamvetsa kuti munthu wa manja awiri, wopanda malungo, wopanda bala, angalephere bwanji kunyamula mwana wake.

Tsiku lina amayi anawakakamiza achemwali kuti tikathyole nandolo kumunda. Dzuwa linali likuswa mtengo, mwana akulira kumsana kwanga, iwo atangoima ndi lichero lopanda kanthu. Mtima unandiphulika.

"Achemwali, kodi mwanayu ndi wanu kapena wanga?"

Anakhala pansi pamzere, pakati pa nandolo. Anayankha ndi mawu otsika, osandiyang'ana.

"Kilise, ndikamuyang'ana sindimva kanthu. Akalira ndimafuna kungonyamuka, kuyenda osabwereranso. Ndine munthu wotani ine?"

Ndinachita mantha. Titafika kunyumba ndinawauza amayi, poganiza kuti achitapo kanthu. Anandikoka khutu mpaka kuseri kwa nkhokwe.

"Tseka pakamwa pako! Ukufuna mudzi wonse uzinena kuti pakhomo pano pali wamisala? Ukakauza munthu, undiona."

Tsiku la sikelo litakwana, amayi ananditumiza ndekha ndi mwanayo, atandiphunzitsa kuti ndikanene kuti mayi wake mutu ukuwawawa. Namwino, mayi wamkulu ndithu, anamuyeza mwana, nkuona kuti sakukwera. Anandifunsa za mayi wake, ndinayankha za mutu zija. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkunditengera pambali.

"Iwe, mutu umenewu unayamba liti?"

Ndinalira, ndipo ndinanena zonse, mpaka za kumunda zija. Namwinoyo sanadabwe. Anati amenewo ndi matenda a maganizo amene amagwira amayi ena akabereka, si ulesi, si ufiti, ndipo thandizo lake lilipo. Anati ndibwere nawo msanga.

Amayi atamva anandikwapula ndi kamtengo ka bulugamu, ndipo anakanitsitsa zopita kuchipatala. Ndinadikira alamu. Atabwera ndinawachingamira kumsewu, asanafike pakhomo, ndi kuwafotokozera. Iwo anati, "Ine ndimayesa wangosiya kundikonda." M'mawa mwake anabwereka njinga, anawakweza achemwali, ine ndikutsatira wapansi ndi mwana, amayi akutukwana pabwalo.

Kuchira kwa achemwali kunali kwa pang'onopang'ono, ndi mankhwala komanso maulendo ambiri okacheza ndi namwino uja. Mvula ikuyamba, m'mawa wina ndinawapeza akumusambitsa mwana okha, akumunena kuti ali ndi mapazi a bambo ake. Ine chaka chimenecho ndinalephera mayeso, ndinabwereza kalasi. Amayi mpaka imfa yawo ankanena kuti Alesi anangoganiza zosiya chibwana.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo nkhaniyi ikandibwerera imandiwawabe. Pakhomo paja panali akuluakulu ambiri, onse odutsa m'chikuta, koma amene anakanena zoona kuchipatala anali kamtsikana kosamvera. Amayi sanali munthu woipa. Ankaopa pakamwa pa anthu kuposa matenda a mwana wawo, ndipo mantha amenewo akanatha kutiphera achemwali tikuona.

Chondikwiyitsa n'chakuti zimenezi sizinathe. Chaka chathachi mtsikana woyandikana nane anabereka, nkuyamba kudzitsekera m'nyumba. Nditalankhula, apongozi ake anandiuza kuti ana amakono ndi ofewa, ndisalowerere za m'banja la eni. Sindinakangane nawo. Ndinakaitana wa kabaza, ndinalowa m'nyumbamo, nkumuuza mtsikanayo kuti avale nsapato, tikupita.