Kuperekeza Yohane kwa Mlangizi

Tinanyamuka kwa Chiosya m'mamawa, ine ndi mwana wanga woyamba. Ndinamubala mtsikana n'kumutcha Esinati. Lero amameta mpala, amavala thalauza, ndipo akuti ndi mwamuna, dzina lake Yohane. Mlangizi wa za maganizo amene amacheza naye ku Boma la Mchinji anapempha kuti abwere ndi wachibale. "Amayi, mukakana ndiwolokera ku Chipata, simudzandionanso," anatero mwanayo. Ndinamanga chitenje.

Wa njinga yamoto anatidula K3,000 aliyense mpaka pa Kamwendo, fumbi n'kutipatsa laulere. Pamenepo tinagula zitumbuwa n'kukwera minibasi, kondakitala akutipanikiza ngati fodya m'belo.

Tsoka ilo, pampando wakutsogolo panali Nabanda, mnzanga wa kutchalitchi.

"Amake Esinati! Mtsikana wathu uja sakuoneka bwanji masiku ano? Nanga mnyamatayu ndi wa ndani?"

"Waganyu uyu," ndinayankha, "akundinyamulira katundu."

Pakamwa panga pomwe! Yohane anangotenga chikwama changa n'kuchiika pamiyendo pake kuti bodza langa liime bwino.

Tinafika chakumasana. Mlangiziyo, mayi wa magalasi, anatichingamira pakhomo. "Takulandirani, amake Yohane."

Ndinacheuka kuti ndione amene akumulonjera. Kwathu mayi amadziwika ndi dzina la mwana wake woyamba, ndipo sindinaganizepo kuti mwanayu posintha lake wasinthanso langa.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa, kapena kumva za mankhwala oti abwerere mwakale. Mayiwo anangondifunsa chimene ndimaopa.

"Anthu," ndinatero.

Atafunsa Yohane, iye anayang'ana pansi. "Ine ndimaopa kuti amayi adzachita nane manyazi mpaka pamaliro anga."

Ndinalira ngati mwana, mlangiziyo osandiletsa. Anati palibe akundikakamiza kumvetsa zonse lero, koma mwana wokanidwa ndi make sachedwa kutopa ndi moyo.

Pobwerera madzulo chikwama ndinanyamula ndekha. Kondakitala atatambasula dzanja anafunsa, "Awiri, amayi?"

"Eya, ine ndi mwana wanga."

Kuti "wamwamuna" lilime linakana, ndipo manyazi ake ndikadali nawo. Koma Yohane anatsamira paphewa panga n'kugona mpaka pa Kamwendo, anthu akuona, ine osamusuntha.