Mabotolo Ophulika Pansi pa Bedi

Inu amene mwadzuka lero mtima uli kumapazi, senderani kuno mumve za Maphulika. Dzinali sanabadwe nalo ayi, analipeza pansi pa bedi.

Mwamuna wake atamwalira anamusiyira mwana wamkazi wongoyamba kumene sukulu, bedi, mbaula ndi apongozi. Pa zinayizi, cholemera kwambiri chinali apongozi.

Ntchito yake inali yochapa zovala za amuna onyamula katundu panyumba ina yaikulu yosungiramo matumba. Koma sopo anamudya manja mpaka kuchita ming'alu yotuluka magazi, ndipo ntchito inathera pomwepo. Apongozi atamva, sanazungulire.

"Mdzukulu wanga sangakulire mphepo m'mimba. Sukulu ikatsekera ndidzamutenga, azikakhala kwa ine."

Mayiyo anaganiza mpaka mutu kutentha. Anakumbuka kuti amuna aja dzuwa likafika paliwombo ankagula zakumwa za m'zitini zoti n'zopatsa mphamvu, uku akudandaula kuti n'zodula komanso zimawagunditsa mtima. Anati, nanga ine ndilibe poto? Anawiritsa jinja, anafinyira mandimu misozi ili chuchuchu chifukwa cha ming'alu ija, anathira uchi, nasefa. Atalawa anadziombera yekha m'manja.

Apa ndi pamene nzeru zinamuthawa. Pofuna kuti apongozi adzaone katundu wambiri ngati wa m'sitolo, anadzaza mabotolo onse amene anatola, anawatseka mwamphamvu, nawandandalika pansi pa bedi. Chipindacho n'cha malata, masana chimatentha ngati uvuni. Mabotolo anakhala mmenemo masiku, akukambirana zawo.

Tsiku lodzayendera mdzukulu wawo litakwana, apongozi anafika atavala diresi loyera lopitira kutchalitchi. Mpando kunalibe, ndiye anakhala pabedi, phwaa!

"Ndiye ukuti wayamba bizinesi? Ili kuti?"

Bizinesi inadziyankhira yokha. Phuu! Lina phuu! Botolo lachitatu linaulutsa chotsekera chake n'kukagunda malata. Thovu linatuluka pansi pa bedi ngati mtsinje wosefukira. Apongozi, amene ankati mawondo awo sapindika, analumpha ngati mtsikana wosewera mpira.

"Mowa! Ukugoneka mdzukulu wanga pamwamba pa mowa!"

"Si mowa, Amayi, ndi jinja wangosasa..."

"Jinja amawombera anthu? Konza zovala za mwana. Sukulu ikangotsekera ndabwera."

Anatuluka diresi likudontha. Oyandikana nawo nyumba anali atadzaza kale pakhomo, ndipo pofika madzulo ngakhale ana oyamwa ankadziwa kuti mayi wa chipinda chakumapeto ndi Maphulika.

Anakolopa akutukwana botolo lililonse payekhapayekha. Mwana wake anamufunsa chapansipansi, "Amama, ndipitadi?"

"Upita kuti? Ndigwirire ndowayi."

Mayiyo analira atatembenukira kukhoma, kenaka anamina, natenga phunziro loyamba: chakumwachi sichigonera. Uphike m'mawa, chithe tsiku lomwelo.

M'mawa mwake anasenza chigubu ndi makapu n'kukaima pageti la nyumba ya matumba. Woyamba kubwera anali Ndevu, wonyamula katundu wamkulu thupi ngati chitseko.

"Alamu, tamva mbiri yanu. Tikamwa tiphulikanso?"

"Inu muphulike ndi chiyani? Mimba yanu inaphulika kalekale, batani la malaya ndi mboni."

Anzake anaseka, nabwera kudzalawa. Pamenepo m'pamene anakumana ndi mliri woposa mabotolo: alangizi. Kodi inu munaonapo munthu wosadziwa kuphika chakumwa cha mnzake? Ndevu anati uchi wachepa. Woyendetsa lole anati muthiremo adyo, adyo ndiye mphamvu. Mlonda wapageti anati tsabola. Kapitawo, amene sanagule n'komwe, anangonunkhiza n'kunena kuti mtundu wake sukuoneka wamphamvu, chikhale chofiira.

Maphulika, poopa kutaya ogula, anamvera onse. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tsiku limene zonse zinakumana m'poto imodzi, Ndevu anamwa kamodzi, maso anatuzuka, nayamba kutsokomola mpaka kugwira khoma.

"Alamu, tinakulakwirani chiyani? Ichi n'chophera nsikidzi!"

"Si inu nomwe munati thirani, thirani?"

"Ine ndinangoti uchi!"

"Ine ndinangoti adyo!"

Aliyense anali wosalakwa. Chigubu chinabwerera kunyumba chodzaza, ndipo ngakhale ngalande imene anachithiramo inaoneka ngati yakhumudwa.

Anabwereranso ku jinja, mandimu ndi uchi basi. Amuna aja ankamwa, inde, koma mwaulemu chabe. Ankati n'chokoma, kenaka n'kupita kukagula zitini zawo zomwe zija. Masiku otsekera sukulu anali kuyandikira, ndipo mwana anali atayamba kubisa nsapato zake kuseri kwa mbaula kuti agogo asadzazipeze.

Tsiku lina kunatentha koopsa. Malole anabwera motsatizana, amuna aja anatsitsa matumba osapuma. Maphulika anali khale pamwala, chigubu chili pambali, akudzifunsa chimene anachimwira Mulungu. Ndevu anabwera akutsimphina, nakhala pansi akusisita katumba ka mwendo kamene kanamukoka. Anavula malaya n'kuwayanika pampanda.

Mayiyo anawayang'ana malayawo akuuma. Pamsana panatuluka mizere yoyera, yokhotakhota ngati njira za chiswe. Ankaidziwa bwino mizere imeneyo. Ndi yomweyo inkamuvuta kuchapa, yomweyo inkamuluma m'ming'alu ya m'manja.

Mchere! Anthuwa tsiku lonse akutaya mchere m'thukuta, iye n'kumawapatsa zotsekemera zokhazokha ngati ana a paphwando.

M'mawa mwake anatsina kamchere pang'ono, kongokwanira pakati pa zala, nathira m'chigubu. Sanauze munthu. Akanangoyerekeza kunena, kapitawo akanati thirani thumba lonse.

Ndevu anamwa, nanyambita milomo.

"Mwathiramo chiyani lero?"

"Malangizo anu onse ndawasiya kunyumba."

"Ayi, chalowa bwino ichi. Chikufika pamene pali ludzu penipeni. Onjezerani."

Tsiku limenelo chigubu chinatha dzuwa lisanapendeke. Mawa lake anabwera ndi ziwiri. Posakhalitsa amakanika a tsidya la msewu ndi amayi osoka matumba anayamba kuwoloka ndi makapu awo. Zinafika poti kuphika kunyumba sikunkakwanira, mandimu ena ankafinyira pageti pomwepo, mano atalumana, chifukwa madzi a ndimu akalowa m'ng'alu ngakhale wamkulu amaitana amake.

Sukulu inatsekera. Apongozi anafika ndi chikwama chopanda kanthu cholongedzamo zovala za mwana. Atapeza chitseko chokhoma, oyandikana nawo anawalozera kugeti, ena n'kuwatsatira, poti nkhani yaulere sasiya.

Anapeza mzere wa anthu, mdzukulu wawo akutsuka makapu, masaya ali nenepe, atavala nsapato zatsopano.

"Iwe, ndabwera kudzatenga mwana."

Maphulika anayang'ana chikwama chija. Koma anthu anali kudikira, mandimu anali atatha m'chigubu, ndipo zala zake zinali kutuluka magazi. Chaka chonse cha "inde Amayi, chabwino Amayi" chinamukwana nthawi imodzi.

"Amayi, za mwana tikamba. Koma onani manja angawa. Mukhala chiimire ngati mtengo wamagetsi, kapena mundigwirira mpeniwu?"

Apongozi anayang'ana manjawo nthawi yaitali. Kenaka anaika chikwama pansi.

"Chokapo apa. Ndimu safinya choncho. Umayamba walikunkhuniza pathebulo kuti lifewe. Anakulera ndani iwe?"

Anakwinya mikono ya diresi, nayamba. Madzi ankatuluka m'mandimu ngati atsegula mpope.

"Agogo, samalani," anatero Ndevu, "akuti chakumwachi chinakuwomberanipo."

"Iwe chimunthu, ukapitiriza ndifinya ndevu zakozo."

Zigubu zitatha, apongozi anadzithirira kotsalira, namwa nkhope ili tsinya.

"Mchere wachepa," anatero.

"Amayi, musayambe."

Anatola chikwama chawo chili chopanda kanthu. Mwana anawagwira diresi. "Agogo, ndikupita nanu?"

"Upite kuti? Makapu atsuka ndani? Mawa ndilawirira. Amakowa tikawasiya okha awononga mandimu a anthu."

Mwana sanapite, ana anga. Koma walira mvula walira matope: apongozi nawonso sanapite. Mpaka lero m'mawa uliwonse ali pageti, akufinya mandimu ndi kufinya mpongozi wawo, kuti jinja wapsa kwambiri, makapu sanaume, mpango wamanga mokhota. Maphulika amangopumira m'mwamba, n'kuyang'ana mwana wake akuthamangira kusukulu, n'kuwapatsira ndimu lina. Ming'alu ya m'manja mwake inapola.

Ndiye iwe amene zako zaphulika anthu akuona, kolopa, mina, udzukenso m'mawa. Alangizi uziwamwetulira, koma poto ndi wako. Ndipo ntchito yakale imene inakupweteka usaitukwane kwambiri, mwina ndiyo yakusungira kamchere kamene ukusowa. Akakupatsa dzina lachipongwe, uliyankhe mokweza mpaka lisanduke la bizinesi. Mtima wokhawo usautaye, mwanawe. Koma mabotolo pansi pa bedi, ndakupempha, usayese.